Kutumiza Ndarama Sindiko Kulipira

Lero tikambirane za milandu ya msonkho ndi tsiku lotsiriza kulipira.

Boma likatsutsana ndi amalonda pa za msonkho, mlandu umagona m'bwalo zaka zambiri. Cifukwa cace nthawi zina Boma limalola kuti munthu alipire gawo lokha, mlandu uthe. Boma la India linacita comweco m'caka ca 2019, pa pangano lotchedwa Sabka Vishwas. Amene anali ndi mlandu wosapitirira marupiya 5,000,000 anamkhululukira magawo 70 pa 100, ndipo wa mlandu woposa apo anamkhululukira theka. Ciwongola dzanja ndi cindapusa anazifafaniza. Koma panali mau amodzi olimba: zotsalazo zilipiridwe pasanathe masiku 30 kucokera tsiku limene kalata inaperekedwa. Pofika mliri wa Covid-19, Boma linasendeza tsikulo kufikira pa 30 June 2020, ndipo silinaonjezenso.

Tsono mverani bwino apa. Mukauza banki kuti itumize ndarama, ndaramazo zili ndi ulendo wace. Ku India njira yotchedwa NEFT imasonkhanitsa malipiro ambiri ndi kuwatumiza pamodzi, theka la ora liri lonse, kudzera ku banki yaikuru ya dziko. Nambala imodzi ikalembedwa molakwa, ndarama zikhoza kubwerera kwa mwini wace. Wolipira kukali masiku akhoza kukonza colakwaco. Wolipira madzulo a tsiku lotsiriza amadzuka m'mawa cikhululukiro citamphonya, ngongole yonse itabwerera pamutu pace.

Nanga bwalo silingamcitire cifundo? M'caka ca 2022 bwalo lalikuru la India linakana kuonjezera nthawi kampani ya Yashi Constructions, cifukwa wolowa m'pangano ayenera kusunga mau ace onse. M'caka ca 2023 linakomera mtima kampani ya Shekhar Resorts, koma cifukwa cakuti lamulo lina la dziko ndilo linaimanga manja kuti isalipire pa nthawi yace. Kuzengereza kwa mwini sikuli m'gulu limeneli.

Cotero, abale anga, mukalandira pangano lotere, lipirani kukali masiku. Sungani risiti la banki, ndipo funsani ngati ndarama zalowadi m'buku la Boma. Akuluakulu anati, linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Tsalani bwino.