Loko wa m'foni ndi amene amamukhoma

Ukachoka pa Ntcheu boma kulowera ku Dedza, ukangodutsa Biriwiri msewu wa M1 umayamba kutsata malire: uku Malawi, uko Mozambique. Mafoni nawonso amasochera. Ukaima pa Lizulu kugula kabichi, foni imatha kusiya TNM kapena Airtel n'kugwira nsanja ya Movitel kapena Vodacom ya kutsidya, ndipo uthenga wako umadutsa m'zipangizo za anthu amene sudzawaona. Ine ndimalemba mapulogalamu a pafoni, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti zimenezi zisadetse nkhawa: uthenga udutse kulikonse kumene ukufuna, koma woutchera panjira angopeza zilembo zopanda mutu.

Anthu akamva za encryption, kubisa mauthenga kumeneku, amaganiza kuti ndimagona pa masamu. Ayi ndithu. Masamuwo anachita kale ena. Njira yotchedwa AES, imene mabanki ndi maboma amadalira, anaikonza Joan Daemen ndi Vincent Rijmen a ku Belgium, ndipo inavomerezedwa mu 2001. Kapangidwe kake kali poyera, aliyense akhoza kuwerenga. Auguste Kerckhoffs analemba kale mu 1883 kuti chinsinsi chizikhala pa kiyi basi, osati pa njira yobisira. Choncho munthu akakuuzani kuti pulogalamu yake ndi yotetezeka chifukwa anapeka yekha njira yobisira imene wina aliyense sakuidziwa, gwirani chikwama chanu. Ife timatenga mtolo wa malangizo olembedwa kale ndi kuyesedwa ndi anthu ambiri, umene timautcha laibulale. Yotchuka ndi OpenSSL, imene inayamba mu 1998 kuchokera pa ntchito ya Eric Young ndi Tim Hudson a ku Australia. Ndi yaulere. Loko timatenga wopangidwa kale. Ine ndine kalipentala womukhoma pachitseko, ndipo akuba ambiri sathyola loko, amangozula misomali.

Kukhomako n'kotere. OpenSSL imabwera ngati mawu olembedwa m'chinenero cha C, amene munthu akhoza kuwerenga koma purosesa ya foni singamve. Pamafunika pulogalamu ina, kompaila, yosandutsa mawuwo kukhala malangizo a makina. Vuto n'lakuti laputopu yanga ili ndi purosesa ya Intel pamene mafoni ali ndi ya ARM, ndipo ziwirizi sizimvana. Ndiye ndimagwiritsa ntchito zida za Google zotchedwa NDK kuti laputopu ipange zinthu zimene iyo yomwe singathe kuziyendetsa. ARM nayo ili pawiri, ya 32-bit ndi ya 64-bit, ndipo iliyonse imafuna kumangiridwa payokha. Ngati pali iPhone, ntchito imayambiranso pa kompyuta ya Apple. Ndisanayambe ndimayenera kuuza OpenSSL zinthu zingapo: purosesa yake ndi iti, Android yakale kwambiri imene ndikufuna kuti igwirepo ndi iti, ndipo ndi zigawo ziti zimene isiye panja. Njira zakale zofooka monga SSL 3.0 ndimazichotseratu, kuti ngakhale wina alakwitse mtsogolo asazipeze.

Nthawi zambiri ndimalangiza anzanga kuti asadzivutitse ndi zonsezi. Ngati pulogalamu ikungofuna kulankhula ndi seva, Android ili kale ndi zake zotetezera, ndipo zimakwana. Kumanga wekha kumafunika pamene zinthu ziyenera kukiyidwa m'foni momwemo. Kale ena ankangobwereka OpenSSL ya mkati mwa foni, koma Google inasinthira ku BoringSSL yake pa Android 6.0 mu 2015, ndipo pa Android 7.0 mu 2016 inatseka khomo limenelo.

Ndinagwirapo ntchito ndi gulu lina la alimi a mbatata ya kachewere cha ku Tsangano, ndipo kumeneko kufunika kwake kunaonekera bwino. Netiweki imabwera n'kupita. Mlembi wa gulu amalemba m'foni mayina, manambala a ziphaso za unzika, matumba amene munthu wabweretsa ndi ngongole ya feteleza, ndipo zonsezo zimakhala m'fonimo masiku angapo zisanatumizidwe. Foni yomweyo imasiyidwa pa kabenchi kotchajira tsiku lonse, imabwerekedwa ndi mwana, ikhoza kusowa pa msika wa Kampepuza. Chiyambireni lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene MACRA ikuyang'anira, kutaya zinthu ngati zimenezi si nkhani yongopepesana. Pamenepa timagwiritsa ntchito SQLCipher, imene imakiya kaundula yense wa m'foni ndi AES, ndipo iyo imafuna laibulale ina pansi pake yochita masamuwo, monga OpenSSL.

Apa m'pamene Ntcheu imasiyana ndi malo amene zidazi zinapangidwira. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2019, Google Play inalamula kuti mapulogalamu azikhala ndi mbali ya 64-bit. Ambiri anamva ngati auzidwa kuti ya 32-bit yatha ntchito. Koma mafoni otchipa ambiri a itel ndi Tecno, amene amayendera Android Go, akadali pa 32-bit. Ukasiya mbali imeneyo, pulogalamu imayenda bwinobwino pa foni ya bwana ku Lilongwe, koma ya mlembi uja imakana. Palinso china chimene mabuku a ntchito yathu sanena. Play Store imasankhira foni iliyonse mbali yoyenera, koma kwathu kuno ndani amawononga bandulo pa Play Store? Mmodzi amatsitsa, ena onse amapatsirana pa Xender. Fayilo imene inasankhidwira foni ya 64-bit ikafika pa ya 32-bit, basi yafa. Ndiye ndimakonza fayilo imodzi yokhala ndi mbali zonse ziwiri, n'kumalimbana ndi kukula kwake pochotsa chilichonse chosafunika.

Liwiro nalo ndi nkhani. Mapurosesa atsopano a ARM ali ndi malangizo apadera ochitira AES mwachangu, koma akale ngati Cortex-A7 alibe. N'chifukwa chake mu 2019 Google inatulutsa njira ya Adiantum ya mafoni otchipa, yodalira ChaCha imene Daniel Bernstein anaikonza mu 2008. SQLCipher 4 imapota mawu achinsinsi maulendo 256,000 isanapange kiyi, mwadala, kuti wongoyerekeza atope. Pa foni yodula sumazindikira n'komwe. Pa foni ya m'mudzi munthu amadikira, n'kuyamba kudandaula kuti pulogalamu ikuchedwa, ndipo pempho limabwera lakuti nditsitse nambalayo. Ndimakana, kapena ndimatsitsa pang'ono titakambirana bwino zimene tikutaya.

Choopsa chenicheni pa ntchitoyi ndi kutopa. Kompaila imadandaula kwambiri, mizere mazanamazana ya machenjezo, ndipo mtima umafuna kungoitontholetsa. Mu 2006 munthu wina wosamalira OpenSSL ku Debian, umodzi mwa mitundu ya Linux, anachotsa mizere iwiri chifukwa chida choyezera zolakwika chinkaidandaula. Zonse zinkaoneka kuti zikuyenda. Koma mizereyo inali mbali ya chimene chimapangitsa kuti makiyi azikhala osayerekezeka, ndipo itachoka, makiyi otheka a mtundu uliwonse anatsala pafupifupi 32,000 okha, amene kompyuta ikhoza kuwayesa onse mosavuta. Zinakhala choncho mpaka Meyi 2008 pamene Luciano Bello wa ku Argentina anatulukira. Masamu analibe vuto, OpenSSL yeniyeni inalibe vuto. Dzanja la womanga ndi limene linalakwa. Encryption yoonongeka siikuwa: zilembo zimaonekabe zosokonezeka, pulogalamu imatsegukabe, aliyense amagona tulo. N'chifukwa chake ndikamaliza kumanga ndimatengera mayeso pa foni yeniyeni yotchipa, kuipatsa mawu ndi kiyi zimene yankho lake likudziwika kale, kuti ndione ngati itulutse lomwelo.

Ndinene pano kuti zonsezi sizithandiza munthu amene waimbiridwa foni ndi wakuba n'kutchula yekha PIN yake ya Mpamba kapena Airtel Money. Imeneyo ndi nkhondo ina.

Chimene ndimafuna kuti mabungwe ndi makampani amvetse ndi ichi: ukangoika OpenSSL yako mkati mwa pulogalamu, yakhala yako. Foni ikalandira zokonza kuchokera kwa opanga, sizikhudza kope lako. Pa 7 Epulo 2014 panadziwika vuto lotchedwa Heartbleed, limene linali litakhala mu OpenSSL zaka ziwiri ndipo linkalola munthu wakunja kukatapa mpaka makilobaiti 64 a zam'kati mwa kompyuta ulendo uliwonse akapempha, nthawi zina ndi makiyi omwe. Kukonza kunatuluka tsiku lomwelo, koma mapulogalamu onyamula kope lawolawo anafunika kumangidwanso mmodzimmodzi. Ambiri sanamangidwe, moti pambuyo pake Google Play inayamba kukana mapulogalamu okhala ndi OpenSSL yakale.

Tsono taganizani mmene mapulojekiti amayendera kuno. Ndalama zimabwera za zaka zitatu, pulogalamu imakhazikitsidwa ndi nyimbo ndi magule, wolemba amalandira zake n'kupita ku Johannesburg. Pulogalamu imatsala m'mafoni a ku Bilira ndi ku Sharpevale, ikupatsiranabe pa Xender. OpenSSL 1.1.1, imene ambiri anamangira chifukwa ndi imene inabweretsa njira yatsopano yotetezera mauthenga ya TLS 1.3 mu 2018, inasiya kulandira zokonza zaulere pa 11 Seputembala 2023. Sindikayika kuti ikadali m'matumba a anthu ambiri.

Pa mgwirizano uliwonse masiku ano ndimaumirira zinthu zochepa. Njira yonse yomangira ilembedwe m'fayilo imene munthu wina akhoza kuiyendetsa ine palibe. Nambala ya laibulale ionekere mkati mwa pulogalamu, kuti aliyense wofunsa aione. Seva izikana mapulogalamu akale kwambiri n'kuuza mwini foni m'Chichewa kuti akatenge yatsopano. Ndipo mu bajeti mukhale mzere wa ndalama zomangiranso chaka ndi chaka, umene kawirikawiri ndi woyamba kudulidwa pa zokambirana. Zifukwa zomangiranso sizisowa: kuyambira pa 1 Novembala 2025 Google Play inayamba kufuna kuti malaibulale a 64-bit amangidwe mogwirizana ndi kagawidwe katsopano ka memore ka makilobaiti 16, ndipo OpenSSL 3.0 ya mu 2021 anaiikira malire a Seputembala 2026. Amene akufuna kupuma zaka zingapo asamukire ku 3.5, imene ilandira zokonza mpaka Epulo 2030.