Mtima waukulu wa mwana wampira: mphamvu kapena matenda?

Masukulu ophunzitsa ana mpira akuchuluka m'mizinda ya dziko lino, ndipo makolo ena ayamba kutengera ana awo kuchipatala kukawayezetsa mtima asanalowe m'mipikisano. Ena amabwerako ndi uthenga wosowetsa tulo, wakuti mtima wa mwana wawo ndi waukulu.

Pachipatala china mu Blantyre, goloboyi wa zaka 15 anagona chammbali, malaya atavula, mutu atatsamiritsa pa dzanja lamanzere. Ndi mnyamata wamtali ngati nsungwi, mapazi ake ankapitirira bedi, ndipo zigongono zinali ndi zipsera za kudzigwetsa pa bwalo la fumbi. Adokotala anamupaka mafuta ozizira pachifuwa n'kumayendetsa kachipangizo pakati pa nthiti. Pa sikirini panaoneka chipinda chakumanzere cha mtima, chomwe chimapopa magazi kupita m'thupi lonse, chikufutukuka ndi kufinyika. M'mimba mwake munali mamilimita 52. Mayi ake anangoti kakasi, manja ali pachibwano.

Adokotala sanathamangire kuyankha. Anamukweza mnyamatayo pasikelo n'kumuyeza msinkhu: makilogalamu 62, masentimita 180. Anachulukitsa manambala awiriwa, kugawa ndi 3,600, kenako n'kupeza sikweya ruti. Yankho linali masikweya mita 1.76, komwe ndi kukula kwa khungu lonse la thupi lake. Atagawa 52 uja ndi 1.76 anapeza pafupifupi 30. Mtima womwewo ukanakhala wa mwana wa masentimita 160 ndi makilogalamu 50, yankho likanafika pa 35, ndipo adokotala akanafufuza mozama.

Apa ndiye pagona mkangano. Palibe amene amayeza khungulo, amangoliyerekeza. Njira yotchuka yowerengera inatuluka ku America mu 1916, akatswiri atamata mapepala pa matupi a anthu 9 okha. Ina, yoganizirako ana, inadza mu 1978 kuchokera pa anthu 81, ndipo yachidule yomwe anagwiritsa ntchito adokotalawa ndi ya mu 1987. Njira zonsezi zimadalira sikelo, pomwe sikelo siisiyanitsa mafuta ndi minofu. Mwana wonenepa amapatsidwa khungu lalikulu, choncho mtima wake wotupa ungaoneke wabwinobwino. Wothamanga mtunda wautali, wowonda koma wamtima wamphamvu, angaoneke ngati wodwala. N'chifukwa chake madokotala ena amakonda kuyerekeza mtima ndi msinkhu wokha, ena ndi kulemera kwa thupi atachotsapo mafuta. Otsatira njira ya khungu amati ndi yosavuta, ndipo matchati ambiri oonetsa kukula koyenera kwa mitima ya ana anapangidwa potengera iyo.

Matchatiwonso ali ndi vuto lake: ambiri anachokera pa ana a ku Ulaya ndi ku America. Kafukufuku wa ku Britain anaonetsa kuti osewera achikuda amakhala ndi khoma la mtima lochindikala kuposa la azungu, popanda matenda alionse.

Kulakwitsa mbali iliyonse n'kowawa. Mwana wathanzi angaletsedwe mpira pachabe, kapena wodwala angaloledwe kusewera mpaka kugwa pabwalo. Matenda otengera kumtundu ochindikalitsa khoma la mtima amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 500 alionse. Pakakhala chikaiko, wosewera amapumitsidwa kwa miyezi ngati itatu: mtima wokula ndi masewera umabwerera, wamatenda subwerera.

Goloboyi uja analoledwa kubwerera pagolo, mayi ake atatsimikiza kuti sanakomokepo pothamanga ndipo kubanja kwawo kulibe yemwe anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono.

Komatu kuno kwathu makina ojambulira mtimawa kawirikawiri amavumbula vuto lina: mavalavu a mtima oonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi zomwe sizinachizidwe mwana ali wamng'ono. Zilonda zimenezi zimachizika ndi penisilini.