Gwafa Wamng'ono Wofiira: Kadzalidwe ndi Kasamalidwe Kake ku Kadoma ndi Chegutu

Gwafa wamng'ono wofiira, amene akatswiri a zomera amamutcha Psidium cattleianum, adachokera ku Brazil. Mtengowu umatalika mamita 2 mpaka 6. Zipatso zake ndi zazing'ono kuposa magwafa wamba, zofiira kapena zachikasu, ndipo zili ndi vitamini C.

Ku Kadoma ndi ku Chegutu mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, makamaka m'madambo. Gwafayu amapirira chisanu kuposa gwafa wamba. Popeza safuna malo aakulu, amayenera mabanja a m'makomboni a migodi ndi mafamu amene malo awo ndi ochepa.

Kadzalidwe

Mbande zimafesedwa m'machubu pa nazale ndipo zimaokeredwa mvula ikakhazikika. Dzenje likhale masentimita 60 m'mbali zonse ndi kuya komwe, ndipo dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa owolerana. Mitengo italikirane mamita 3. M'chilimwe mtengo umafuna kuthirira ndi kuphimbira pansi ndi udzu, chifukwa ukasowa madzi zipatso zimayoyoka zisanakhwime.

Ntchito yake

Zipatso zimadyedwa zakupsa ndi khungu lomwe. Sizichedwa kuonongeka zikathyoledwa, choncho zotsala ndi bwino kuziphika jamu kapena kufinya madzi ake tsiku lomwelo.

Chenjezo

Mtengowu ukalekereredwa umasanduka mliri. Mbalame ndi anyani zimamwaza njere zake, ndipo mizu yake imaphuka mphukira zambiri mpaka kutsamwitsa mitengo yachilengedwe. Ku Hawaii ndi ku Mauritius waononga nkhalango zikuluzikulu. M'chaka cha 2000 bungwe la IUCN lidauika m'gulu la zamoyo 100 zolowerera zoononga kwambiri pa dziko lonse. Komanso zipatso zowolera pansi ndizo zimaswetsa ntchentche za zipatso, zimene zimagwiranso mango ndi malalanje.

Pa chifukwa chimenechi, alangizi aonetsetse kuti mlimi akudzala mitengo yowerengeka pafupi ndi nyumba, osati m'madambo kapena m'mphepete mwa mitsinje monga Mupfure ndi Muzvezve. Mlimi azidula mphukira, azizula mbande zomera zokha, ndipo azitola zipatso zonse zakugwa nkuzikwirira m'dzenje lakuya. Kumene mlimi sangathe kuchita zimenezi, mlangizi amulangize kudzala mtengo wina wa zipatso.