Nthenda ya rosacea: zizindikiro zake, kuyezetsa ndi chithandizo

Munthu wa zaka zoposa 30 yemwe nkhope yake imatentha, kufiira kapena kutuluka totupa pafupipafupi m'masaya ndi pamphuno asathamangire kunena kuti ndi ziphuphu wamba za kumaso. Zizindikirozi zikhoza kukhala za nthenda ya pakhungu yotchedwa rosacea, yomwe ikalekereredwa imatha kukhuthalitsa khungu la pamphuno komanso kuwononga maso.

Rosacea ndi nthenda ya mgonagona yomwe imagwira pakatikati pa nkhope: masaya, mphuno, mphumi ndi chibwano. Kawirikawiri imayamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 30 ndi 50. Imapezeka kwambiri mwa amayi, koma ikafika pokhuthalitsa mphuno imakonda abambo. Kafukufuku yemwe adafalitsidwa m'chaka cha 2018 mu British Journal of Dermatology adapeza kuti pafupifupi anthu akuluakulu 5 mwa 100 alionse pa dziko lapansi ali ndi nthendayi.

Zizindikiro zake

Nthendayi imayamba pang'onopang'ono. Poyamba nkhope imangotentha ndi kufiira kwa kanthawi, kenako n'kubwerera mwakale. Pakapita miyezi kapena zaka, kufiirako kumakhazikika ndipo timitsempha ta magazi timayamba kuonekera pamwamba pa khungu. Ena amatuluka totupa, tina tokhala ndi mafinya. Khungu limauma, limanyerenyesa, ndipo limawawa munthu akasamba sopo kapena akadzola mafuta omwe kale sankamuvuta.

Ambiri mwa odwala imawagwiranso maso. Maso amafiira, amauma, amatuluka misozi, ndipo munthu amamva ngati mwalowa mchenga. M'mbali mwa zikope mumatupa mobwerezabwereza. Kwa ena, vuto la masoli limayamba khungu lisanasinthe n'komwe.

Nthenda ikakhalitsa popanda chithandizo, khungu la pamphuno limakhuthala n'kuchita mabampu, mphuno n'kuoneka yaikulu. Madokotala amatcha vutoli rhinophyma. J.P. Morgan, mwini mabanki wotchuka wa ku America yemwe adamwalira m'chaka cha 1913, adali ndi mphuno yotere. Anthu ambiri amaganiza kuti mphuno yotereyi ndi chizindikiro cha uchidakwa, koma zimenezi si zoona. Mowa umangoutsa zizindikiro, ndipo nthendayi imagwira ngakhale munthu yemwe sadalawepo mowa.

Pa khungu lakuda

Kwa zaka zambiri rosacea inkatengedwa ngati nthenda ya azungu okha, makamaka a kumpoto kwa Ulaya. Lero akatswiri a za khungu amavomereza kuti imagwiranso anthu akuda, kungoti imazindikirika mochedwa kaamba koti kufiira sikuoneka bwino pa khungu lakuda. M'malo mofiira, khungu limaoneka loderako kuposa malo ena, louma kapena lotupa. Chizindikiro chodalirika kwambiri ndi kutentha ndi kunyerenyesa kwa nkhope, pamodzi ndi totupa tomwe sititha ngakhale munthu agwiritse ntchito mankhwala a ziphuphu.

Pali vuto linanso lomwe limakhudza maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi. Mafuta ena oyeretsa khungu omwe amagulitsidwa m'misika amakhala ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Akadzoledwa kumaso kwa nthawi yaitali, mankhwalawa amapepuza khungu, amaonetsa mitsempha ndi kutulutsa totupa tofanana ndi ta rosacea. Munthu akasiya kudzola, nkhope imayamba yanyanya kaye, choncho ambiri amabwereranso ku mafuta omwewo. Njira yabwino ndi kusiya motsogozedwa ndi achipatala.

Gwero lake ndi zoiutsa

Rosacea si yopatsirana ndipo sibwera chifukwa cha uve. Imayenda m'magazi pa mabanja ena. Mwa odwala, chitetezo cha m'khungu chimachita mopyola muyezo ndipo mitsempha ya magazi ya kumaso imatseguka msanga. Tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Demodex, tomwe timakhala pa khungu la munthu wina aliyense wamkulu, timapezeka tochuluka kwambiri pa nkhope za anthu odwala nthendayi.

Zinthu zomwe zimautsa zizindikiro zimasiyana malinga ndi munthu. Zodziwika kwambiri ndi dzuwa, nyengo yotentha monga ya mu Okutobala ndi Novembala, tiyi kapena khofi wotentha kwambiri, tsabola monga kambuzi, mowa, moto wa pambaula, masewera olimbitsa thupi ndi nkhawa. Ogwira ntchito omwe amayendera zitukuko kapena kuchititsa misonkhano pabwalo amakhala padzuwa nthawi yaitali, choncho ayenera kusamala kwambiri. Odwala amalangizidwa kulemba m'kabuku zomwe adya, komwe adali ndi momwe nkhope yakhalira tsiku lililonse, kwa milungu ingapo, kuti adziwe chomwe chimawautsira nthendayi.

Kuyezetsa

Palibe kuyeza magazi komwe kumatsimikiza za rosacea. Dokotala amayang'ana nkhope ndi maso, ndipo amafunsa mbiri ya vutolo. M'chaka cha 2002, bungwe la National Rosacea Society la ku America lidagawa nthendayi m'magulu anayi. M'chaka cha 2017 akatswiri adakonzanso ndondomekoyi kuti dokotala aziona zizindikiro za munthu payekha. Malinga ndi ndondomeko yatsopanoyi, kufiira kokhazikika pakati pa nkhope kapena kukhuthala kwa khungu n'kokwanira kunena kuti munthu ali ndi rosacea. Ngati ziwirizi palibe, pamafunika zizindikiro ziwiri kapena kuposerapo mwa izi: totupa, kutentha ndi kufiira kobwera ndi kupita, mitsempha yoonekera, ndi vuto la maso.

Kuyezetsa n'kofunika chifukwa pali matenda ena ofanana nayo. Ziphuphu wamba zimakhala ndi timitu takuda kapena toyera totseka timabowo ta pakhungu, pomwe rosacea ilibe. Nthenda ya lupus, yomwe imapezeka kwambiri mwa amayi akuda ndipo imatha kuwononga impso, nayonso imatulutsa zidzolo m'masaya ndi pamphuno. Dokotala akakayikira, amayeza magazi kapena kudula kachikopa kakang'ono kuti kakaunikidwe.

Wodwala ayambire ku chipatala chomwe ali nacho pafupi, komwe angatumizidwe ku chipatala cha boma kapena ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Ndi bwino kunyamula mafuta ndi mankhwala onse omwe wakhala akudzola, komanso zithunzi za pafoni zojambulidwa nkhope itavuta.

Chithandizo

Rosacea ilibe mankhwala ochiziratu, koma zizindikiro zake zimachepa kwambiri ndi chithandizo choyenera. Pa totupa, madokotala amapereka mankhwala opaka monga metronidazole, azelaic acid kapena ivermectin, yemwe adavomerezedwa ku America pa nthendayi m'chaka cha 2014. Pa kufiira pali brimonidine, yemwe amafinya mitsempha ya magazi kwa maola angapo. Vuto likakula, wodwala amamwa doxycycline kwa milungu ingapo. Ngati zonsezi zakanika, katswiri wa khungu amatha kupereka isotretinoin. Mayi woyembekezera kapena yemwe akufuna kutenga pakati auze dokotala msanga, chifukwa doxycycline samwedwa pa nthawiyi ndipo isotretinoin imalumalitsa mwana m'mimba. Mitsempha yoonekera imathandizidwa ndi makina a laser, pomwe mphuno yokhuthala imafuna opaleshoni.

Mankhwalawa sagwira ntchito tsiku limodzi. Kusintha kumaoneka pakatha milungu 6 mpaka 12, choncho wodwala asataye mtima n'kusiya panjira. Tsiku ndi tsiku asambe kumaso ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosalimba, osakhula, avale chipewa chotchinga nkhope, ndipo adzole mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo.

Nthendayi imakhala pamalo poonekera, motero ena amachita manyazi mpaka kumazemba misonkhano ndi kuyankhula pagulu. Akuluakulu a m'maofesi akhoza kuthandiza pomulola wantchito kupita kuchipatala ndi kuletsa mchitidwe womunena kuti ndi chidakwa. Koma ngati diso likuwawa, likuopa kuwala kapena layamba kuona mwachimbuuzi, wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira.