Njala ya Njuchi pa Linthipe

Munthu woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe kupita ku Dedza, akafika pa Linthipe amaona milu ya matimati, anyezi, kabichi ndi mbatata ya kachewere itandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Akakweza maso amaona mapiri a Chongoni, kwao kwa zithunzi zakale za pamiyala zimene bungwe la UNESCO lidazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. M'dzinja dera lonseli limabiriwira, mwakuti mlendo angaganize kuti kuno kulibe cholengedwa chogona ndi njala. Komatu njuchi ikadakhala yolankhula ikadatsutsa, pakuti iyo siidya masamba. Chakudya chake chonse chili m'duwa.

M'duwamo njuchi imafunamo zinthu ziwiri, ndipo tingaziyerekeze ndi nsima ndi ndiwo. Nsima yake ndi timadzi totsekemera timene timakhala pansi pa duwa, ndipo nditimene timaipatsa mphamvu zoulukira. Ikafika nato kumng'oma, zinzake zimatithira m'zisa ndi kumatikupiza ndi mapiko mpaka madzi atatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Apo ndiye kuti uchi wapsa, ndipo zimamatapo phula. Ndiwo yake ndi mungu, ufa uja njuchi imaumata ku miyendo yakumbuyo ngati timibulu tachikasu. Mungu ndi chakudya chomanga thupi. Njuchi zolera zimaudya kuti zithe kudyetsa ana ali m'zisa, amene amatenga pafupifupi masabata atatu kuchokera padzira kufikira atamera mapiko. Mungu ukasowa, mfumukazi imachepetsa kuikira mazira. Tsono popeza njuchi yantchito imakhala ndi moyo masabata ngati asanu ndi limodzi okha pa nyengo yotanganidwa, mng'oma wosabereka ana suchedwa kuzilala, ngakhale mutakhala uchi.

Tiyeni tsopano tiyendere minda ya pa Linthipe ndi maso a njuchi. Chimanga chimapereka mungu wochuluka pa ngayaye, koma kwa masiku owerengeka, ndipo timadzi mulibe, chifukwa mungu wake umayenda ndi mphepo. Mitengo ya paini imene idadzalidwa ku Chongoni nayonso imadalira mphepo. Nkhalango yake ndi yokongola, koma kwa njuchi ndi nkhokwe yopanda kanthu. Kabichi ndi anyezi timakolola zisanachite maluwa. Duwa la tomato ndi la kachewere lilibe timadzi, ndipo mungu wake umatsekeka m'kati mwakuti sutuluka bwino popanda kugwedezedwa. Ntchito imeneyi amaitha ndi bemberezi, uja amaboola nsichi za nyumba ife n'kumamutukwana. Motero pa zonse zodzaza msika uja, njuchi ya uchi imapezapo zochepa zedi.

Nanga imadya kuti? Nkhokwe yake yeniyeni ndi tchire lachilengedwe. Mombo ndi tsamba zimachita maluwa m'chilimwe, kuyambira cha mu Seputembala pamene zaphuka masamba ofiira aja, pomwe mchenga umadikira mvula ndi kuchita maluwa dzinja lili mkati kufikira kumapeto kwake. N'chifukwa chake alimi a njuchi a m'madera a mitengo yotere amafula uchi kawiri pa chaka. Msuku nawo uli m'gulu lomweli, ndipo uli ndi chinsinsi chake: pali mtengo waumuna ndi waukazi, choncho popanda tizilombo tonyamula mungu kuchoka pa wina kupita pa unzake, masuku amene ana amatola m'Novembala sangakhalepo. Mipata yotsala imatsekedwa ndi mango ndi mapichesi pamene chisanu chikutha, bulugamu, mpendadzuwa, ndiponso zomera zimene khasu limadana nazo, monga chisoso ndi deliya wa m'mbali mwa misewu.

Vuto lagona pamenepa. Mombo womwewo ndiwo umapereka luzi labwino, nkhuni zosachedwa kuyaka ndi makala olemera. Ukatha pa phiri, m'chaka cha njuchi mumatseguka miyezi yanjala. Njuchi zathu za mu Africa sizipirira njala pamalo amodzi: zimangonyamuka zonse ndi mfumukazi yawo kukafuna kwina. Mwini mng'oma akaupeza uli gwaa, amayamba kuloza chala linthumbu, kapenanso mnansi wanjiru. Nthawi zina linthumbu limalakwadi, koma safunsa adadya phula. Ayambe wafunsa kuti mwezi umenewo n'chiyani chidachita maluwa pa mtunda wa makilomita awiri kapena atatu kuzungulira mng'omawo, pakuti m'menemo ndimo njuchi zimadyera kawirikawiri.

Wopanda mng'oma asaganize kuti nkhaniyi siimukhudza. Dzungu lili ndi maluwa aamuna ndi aakazi pa mpheto imodzi. Laukazi limadziwika ndi kadzungu kotupa kunsi kwake. Maluwawa amatseguka mbandakucha ndipo dzuwa likamafika pamutu afota kale. Njuchi ikapanda kufika m'maola ochepawo, kadzungu kaja kamachita chikasu n'kugwa. Amayi othyola chiluwe cha ndiwo angachite bwino kudikira kuti dzuwa likwere, njuchi zitamaliza ntchito. Chimodzimodzinso wopopera mankhwala m'dimba apopere madzulo, zitabwerera kumng'oma.

Kwa aphunzitsi pali ntchito yosalira ndalama. Ophunzira agule kope limodzi la kalasi yonse, ndipo Lachisanu lililonse alembemo chomera chimene achiona ndi maluwa pa njira ya kusukulu, ndi tizilombo timene tidaterapo. Chaka chikatha, masamba a kope amene atsala oyera adzasonyeza miyezi imene njuchi za m'mudzimo zimagona ndi njala, ndipo mitengo yoyenera kufesa ku nazale ya sukulu ndi imene imachita maluwa m'miyezi yomweyo.