Inshuwalansi ya ulendo wa pasitima yapanyanja: tigule kapena tisiye?

Kawirikawiri foni amatipatsa ifeyo ophunzira. Achimwene a ku Joni atumiza uthenga kuti akufuna kusangalatsa bambo ndi mayi amene akwanitsa zaka 30 ali m'banja, choncho awagulira ulendo wa masiku anayi pasitima yaikulu yonyamukira ku Durban. Ife amene amati tinapita kusukulu, ntchito yathu ndi kudzaza mafomu pa intaneti. Mayina, manambala a mapasipoti, masiku obadwa, zonsezi zimayenda bwino. Kenako pamatulukira kabokosi kofunsa ngati tikufuna kuwonjezera inshuwalansi ya ulendo. Ambirife timangokalumpha, poganiza kuti ndi njira ina yodyera anthu ndalama. Komatu kabokosi kameneka n'koyenera kukaimira kaye.

Tiyambe ndi kumvetsa ulendo wake. Tikamva za sitima yapamadzi, m'maganizo mwathu mumabwera Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira mu 1951, kunyamula anthu, matumba a chimanga ndi usipa kuchoka ku Monkey Bay kudzera ku Likoma ndi Nkhata Bay mpaka ku Chilumba. Amene amakwera Ilala ambiri amakhala ndi kolowera. Sitima imene tikunena panoyi ndi hotelo yoyandama: muli zipinda zogona, malo odyera, maiwe osambiramo, ndipo imanyamula anthu masauzande amene angokwera kuti apume ndi kuona malo. Za ku Durban zimayenda m'nyengo yotentha, cha m'ma Novembala mpaka cha mu Epulo. Zina zimakafika ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo kapena ku Pomene ku Mozambique komweko, zina zimapitirira mpaka ku Mauritius ndi Réunion. Palinso zonyamukira ku Cape Town kupita ku Walvis Bay ku Namibia.

Ulendo wotere umalipiridwa usanayambe, nthawi zambiri patatsala miyezi ingapo, ndipo tikiti yake ili ndi malamulo okhwima. Mukasintha maganizo kudakali nthawi yaitali, kampani imadulako pang'ono n'kukubwezerani zotsala. Tsiku lonyamuka likamayandikira, zimene imadula zimachuluka, mpaka masiku omaliza salola kubweza ngakhale tambala. Ndiye taganizani kuti kwatsala sabata imodzi, mayi agonekedwa m'chipatala, kapena kumudzi kwagwa maliro a agogo. Palibe angakwere sitima zinthu zili choncho. Popanda inshuwalansi, ndalama zonse zimene achimwene anakhetsera thukuta zalowa m'madzi. Inshuwalansi yabwino imabweza ndalama zoterezi, koma pa zifukwa zokhazo zimene zinalembedwa m'pangano, monga matenda, kuvulala kapena imfa ya wachibale wapafupi. Apa pali kamsampha kwa ife. Amene pangano limamutcha wachibale wapafupi amakhala atatchulidwa mmodzimmodzi: mkazi kapena mwamuna, ana, makolo, abale a bere limodzi, mwina agogo ndi apongozi. Kwathu kuno amalume ndi eni mbumba, ndipo maliro awo sitingajombe, koma m'mapangano ena dzina lawo mulibe. Tiwerenge ndime imeneyi ndi maso awiri.

Chinanso n'chakuti sitima sidikira munthu. Wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre ayenera kuuluka kukatera ku Johannesburg, kenako kupeza ndege ina yopita ku Durban. Ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri yakusiyani, ndipo mukafika kudoko mupeza sitima ikuoneka ngati kadontho kutali. Inshuwalansi zina zimalipira ulendo wothamangira sitima kudoko lotsatira, zina ayi. Koma pa ulendo wa masiku atatu kapena anayi wongopita pachilumba chimodzi n'kubwerera, palibe doko lothamangirako. Apa mankhwala enieni si inshuwalansi ayi, koma kufika ku Durban dzulo lake n'kugona komweko.

Zonsezi ndi zazing'ono tikaziyerekeza ndi nkhani ya matenda. Ndalama ya tikiti tikuidziwa kuchuluka kwake; ikatayika, mtima uwawa koma banja silisauka. Bilu ya chipatala cha kunja ilibe malire odziwika. M'sitima muli kachipatala, muli dokotala ndi anamwino, koma chithandizo chake si chaulere ndipo sichili m'kati mwa mtengo wa tikiti. Kuonana ndi dokotala, jakisoni, diripi, zonse zimalembedwa pa akaunti ya chipinda chanu, kawirikawiri m'madola kapena mayuro. Amene amalandira malipiro m'makwacha akudziwa tanthauzo la zimenezi, makamaka chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Kachipatala kameneka ntchito yake ndi kupulumutsa moyo ndi kumugwiriziza wodwala kufikira atafika kumtunda. Munthu akachita sitiroko, akadwala mtima, kapena akaterereka pamasitepe n'kuthyoka fupa la m'chiuno, dokotala amalamula kuti atsitsidwe, kaya padoko lapafupi, kaya ndi boti, kaya ndi helikopita ngati sitima ili pamtunda woti helikopita ingafike. M'mayiko ena ntchito yomuchotsa munthu panyanja imagwiridwa ndi boma kapena mabungwe ongodzipereka popanda kulipiritsa. Mavuto amayambira pamene phazi laponda pansi. Sitima imatsitsa wodwalayo ndi masutikesi ake n'kupitiriza ulendo. Zipatala zambiri zolipira zimafuna ndalama yachikole, kapena kalata ya kampani ya inshuwalansi yolonjeza kulipira, zisanagoneke mlendo. Womudikirira ayenera kupeza pogona ndi chakudya m'dziko limene mwina salankhula chinenero chake, Chipwitikizi ku Maputo, Chifalansa ku Réunion. Wodwala akapezako bwino, mwina sangakhale pampando wamba wa ndege. Afunika namwino womuperekeza, kapenanso ndege ya ambulansi, imene mtengo wake umaposa wa ulendo wonsewo maulendo ambirimbiri.

Ndipo pali nkhani imene sitikonda kuitchula ulendo usanayambe. Tonse tinaonapo mndandanda wa zopereka ukuzungulira pa WhatsApp, abale ndi anansi akusonkha ndalama zoti thupi la m'bale wathu lichoke ku Joni lidzagone kumudzi. Tikudziwa kulemera kwake, ngakhale pamene maliro akuyenda pamsewu. Nanga akakhala kuti ali ku Port Louis, kutsidya kwa nyanja? Kukonza thupi, bokosi lovomerezeka pa ndege, zikalata za boma ndi za ofesi ya kazembe, mtengo wa ndege, zonsezo zimagwera banja limene lili kale ndi chisoni. Inshuwalansi ya ulendo yeniyeni imakhala ndi ndime yobweretsa maliro kwawo. Kwa ife, ndime imeneyi payokha ndi chifukwa chokwanira chogulira inshuwalansi pamene okwera sitima ndi makolo achikulire. Chakudza sichiimba ng'oma.

Wina anena kuti bambo ali kale pa sikimu ya zachipatala, monga ya MASM kapena ya kuntchito kwawo. Zili bwino, koma tisangoganizira. Tiimbe foni kapena tipite ku ofesi yawo tikafunse mosapita m'mbali: kodi mumalipira chithandizo cha kunja kwa dziko? Cha m'sitima, pakati pa nyanja? Ndege ya ambulansi? Yankho alipereke polemba. Chimodzimodzi ndi makhadi ena a banki, makamaka a ku South Africa, amene amapereka inshuwalansi ya ulendo kwa amene wagula tikiti ndi khadilo. Kawirikawiri imakhala yochepa, imakhala ndi malire a zaka za munthu, ndipo si nthawi zonse pamene imakhudza makolo a mwini khadi. Palinso maulendo ena amene kampani ya sitima imaphatikiza kale inshuwalansi pa mtengo wa tikiti. Zikatero funso silikhalanso loti tigule kapena ayi, koma loti imene ilipoyo ikukwana kapena tiwonjezere.

Nanga ngozi za sitima yeniyeniyo? Sizichitikachitika, koma zilipo. Pa 4 Ogasiti 1991, sitima yotchedwa Oceanos inamira kufupi ndi gombe la Wild Coast ikuchokera ku East London kupita ku Durban. Anthu onse 571 anapulumuka, ena mwa iwo atanyamulidwa ndi mahelikopita a asilikali a ku South Africa, koma katundu anatsakamira pansi pa nyanja. Mu Januwale 2012, Costa Concordia inagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy ndipo anthu 32 anafa. Mu Febuluwale 2020, anthu oposa 3,700 anatsekeredwa m'sitima ya Diamond Princess padoko la Yokohama ku Japan chifukwa cha Covid-19, ndipo oposa 700 anatenga matendawo. Pa ngozi zotere kampani ya sitima imakhala ndi mlandu woyankha, koma pangano la mayiko lotchedwa Athens Convention, limene matikiti ambiri amalitchula, limaika malire pa chipukutamisozi. Limanenanso kuti kampani siyankha za ndalama kapena zodzikongoletsera zamtengo wapatali zimene zatayika, pokhapokha ngati munaipatsa kuti ikusungireni.

Chimene chimachitika kawirikawiri m'dera lathu ndi nyengo. Miyezi imene sitima zimayenda kuchokera ku Durban ndi yomweyonso ya anamondwe kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian Ocean, Novembala mpaka Epulo. Ife amene tinaona Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 sitifunika kuuzidwa zambiri. Kaputeni akaona namondwe amamuzemba, ndipo pangano la tikiti limamupatsa ufulu wosintha njira kapena kulumpha doko. Ngakhale popanda namondwe, pamalo ngati Portuguese Island anthu amatsikira m'mabwato ang'onoang'ono, ndipo mafunde akakula palibe amatsika. Inshuwalansi wamba silipira munthu chifukwa chongokhumudwa kuti sanaponde mchenga umene anauona pachithunzi. Zina zokonzedwera maulendo a pasitima zimapereka kangachepe pa doko lililonse lolumphidwa. Komanso inshuwalansi imateteza ku zinthu zosayembekezereka zokha. Mukaigula namondwe atapatsidwa kale dzina ndipo akulengezedwa pa wailesi, musayembekezere kuti ikulipirani pa zimene namondweyo awononge. N'chifukwa chake nthawi yabwino yogulira ndi masiku omwewo amene mwalipira ndalama yoyamba ya tikiti.

Tifike pa zimene zimakanitsa anthu malipiro, pakuti madandaulo ambiri amachokera apa. Chachikulu ndi matenda amene munthu anali nawo kale. Ngati bambo amamwa mankhwala a BP kapena mayi ali ndi shuga, tiyenera kuulula podzaza fomu, ngakhale mtengo ukwere. Kubisa n'kudzinamiza tokha, chifukwa tsiku la vuto kampani idzaitanitsa mbiri ya kuchipatala ndipo ikapeza chobisika idzakana zonse. Makampani ena salipira konse za matenda akale, ena amalipira mukawonjezera ndalama. Kwa akwati ongomanga kumene banja, dziwani kuti makampani ambiri a sitima salola mayi woyembekezera amene adzakhale atafika sabata ya 24 ulendo usanathe. Mapangano ambiri salipiranso kuvulala kobwera munthu ataledzera, ndipo masewera monga kumira pansi pa nyanja ndi mabotolo a mpweya kapena kuthamangitsa njinga zamoto zapamadzi amafuna ndime yakeyake. Pomaliza pali kandalama kamene pangano limati muyambe mwalipira nokha pa vuto lililonse, kampani n'kulipira zotsalazo. Inshuwalansi yotsika mtengo kwambiri nthawi zambiri imabisa kukwera kwake pamenepa.

Tigule kwa ndani? Ya kampani ya sitima ndi yosavuta, mumangodina kabokosi kaja. Koma ina imabweza ngati tikiti ya ulendo wina m'malo mwa ndalama, ndipo mwina sikhudza ndege ndi hotelo zimene mwagula panokha. Kawirikawiri sikutetezaninso ngati kampaniyo yagwa, monga zinachitikira Crystal Cruises mu Januwale 2022 pamene eni ake, Genting Hong Kong, analowa m'mavuto azachuma ndipo maulendo anaimitsidwa. Mukagula kuno kumudzi, onetsetsani kuti kampani kapena wothandizira wake ndi wovomerezedwa ndi Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi, ndipo afotokoze momveka kuti pangano lawo limagwira ntchito pasitima. Ogulira ku South Africa afunse ngati limalola munthu wosakhala m'dzikomo, pakuti mapangano ambiri ndi a nzika ndi okhazikika okha.

Pali maulendo amene funsoli silibuka n'komwe. Wofuna kukwera sitima ya pa nyanja ya Mediterranean, kunyamukira ku Barcelona kapena ku Genoa, afunika viza ya Schengen, ndipo viza imeneyi saipereka popanda inshuwalansi ya chipatala ya mayuro osachepera 30,000, yokhudzanso kubwezedwa kwanu.

Ife tikuona chonchi. Mnyamata wathanzi wokhala ku Durban komweko, amene wagula tikiti yotsika mtengo ya masiku atatu, akhoza kusiya ndime yobweza ndalama za tikiti. Akaluza, waluza zochepa. Ndime ya chipatala, ya kunyamulidwa ndi ya kubwezedwa kumudzi ndiyo sitingalangize aliyense kuisiya, mwana kapena wamkulu. Kwa bambo ndi mayi ochokera ku Malawi, okwera ndege ziwiri, omwa mankhwala tsiku ndi tsiku, tigule yokwanira, ndipo mtengo wake tiuwerengere limodzi ndi wa tikiti kuyambira pachiyambi.

Tikagula, ntchito yathu sinathe. Tisindikize pangano papepala, pakuti pakati pa nyanja intaneti ndi yodula ndipo foni imatha moto. Nambala yothandizira ya usana ndi usiku tiilembe pakapepala, kamodzi m'chikwama cha mayi, kena m'thumba la bambo, kena kakhale ndi ife. Tiwauze kuti vuto likagwa aimbire nambalayo msanga, asanavomere chithandizo chachikulu ngati n'kotheka, ndipo asunge lisiti lililonse ndi kalata ya dokotala wa m'sitima. Mankhwala awo a tsiku ndi tsiku anyamule opitirira masiku a ulendo, ali m'mabotolo ake enieni, m'kachikwama kam'manja osati m'sutikesi yopita kumalo a katundu.