Kuwotcherera ekizozi ya titaniyamu ikang'aluka

Ekizozi ya galimoto zambiri ndi ya chitsulo wamba, ndipo ikathyoka wowotcherera aliyense wapamsika amailumikiza. Koma galimoto ndi njinga zamoto zina zaliwiro zimakhala ndi ekizozi ya titaniyamu. Chevrolet Corvette Z06 ya 2001 inkatuluka nayo m'fakitale, ndipo kampani ya Akrapovič ya ku Slovenia inatchuka ndi kupanga ekizozi zotere. Titaniyamu amamukondera kupepuka, pakuti amalemera kungopitirira pang'ono theka la chitsulo wamba chofanana naye kukula. Sachita dzimbiri, ndipo amasungunuka kutentha kukafika madigiri 1,668. Miyala imene amayengamo chitsulochi ilipo ngakhale kwathu kuno, ku Kasiya m'boma la Lilongwe ndi mumchenga wa ku Makanjira ku Mangochi.

Chimene chimaing'alula

Pofuna kuti ipepuke, paipi yake amaipanga yopyapyala, kawirikawiri pafupifupi milimita imodzi. Injini imaigwedeza nthawi zonse, ndipo imatentha n'kuzizira tsiku ndi tsiku. Mng'alu umayambira pambali penipeni pa msoko wowotcherera, makamaka pamene pali kachitsulo kokolekera kapena polumikizira mapaipi awiri. Gwero lake nthawi zambiri ndi mphira zokolekera zimene zatha, kapena zogwiriza injini zimene zafooka. Mukawotcherera osasintha zimenezi, pang'alukanso.

Mdani ndi mpweya

Titaniyamu akazizira savuta. Akatentha kupitirira madigiri pafupifupi 430 amayamba kumwa okosijeni, nayitirojeni ndi haidirojeni wochokera mumpweya ndi m'chinyezi. Msoko umene wamwa zimenezi umauma gwa, n'kumasweka ngati mphika wadothi ukagundidwa. N'chifukwa chake kuwotcherera kwa gasi wa malawi kapena kwa ndodo zamagetsi zimene timawotcherera mageti sikuthandiza. Njira yake ndi ya TIG, imene imaphimba chitsulo chosungunukacho ndi gasi wa argon wopanda chosakaniza chilichonse.

Titaniyamu salolanso kuwotchereredwa ku chitsulo wamba kapena chosachita dzimbiri. Ziwirizi zikasungunukira pamodzi zimapanga msoko wosachedwa kuthyoka. Waya wodzazira akhale wa titaniyamu yemweyo. Wodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi ERTi-2.

Kakonzedwe kake

Yambani ndi kutsimikiza kuti ndi titaniyamudi. Maginito samugwira, koma zitsulo zina zosachita dzimbiri nazonso sizigwira maginito. Mboni yodalirika ndi zothetheka: mukakhudzitsa pamwala wonolera pamalo obisika, titaniyamu amatulutsa zothetheka zoyera mbee, zothobwa m'maso.

Masulani ekizoziyo pagalimoto, mutsate mng'aluwo mpaka pothera pake, ndipo muboole kabowo kakang'ono kunsonga zonse ziwiri kuti usapitirire. Palani msoko wakalewo mpaka chitsulo chowala chioneke. Mwaye wam'kati nawonso uchoke, chifukwa ukasungunukira mumsoko umauumitsa. Bulashi yopalira ikhale ya waya wosachita dzimbiri, imene sinakhudzepo chitsulo china. Pomaliza pukutani paipi ndi waya wodzazira ndi acetone, ndipo musagwirenso ndi manja opanda magolovesi, chifukwa thukuta ndi mafuta am'zala n'zokwanira kuwononga ntchito yonse. Mankhwala otsukira mabuleki okhala ndi klorini musawayandikitse: akakumana ndi moto wowotcherera amatulutsa phosgene, mpweya wakupha.

Kenaka tsekani kukamwa kwa paipi, musiye kabowo kotulukira, ndipo mulowetse argon m'kati mpaka mpweya wonse utathamangitsidwa. Ambiri amaphonya apa. Amateteza kunja kokha, kuseri kwa msoko n'kumapsa. Wotchererani m'nyumba mopanda mphepo, ndi moto wochepa, pang'onopang'ono, mukupumira kuti paipi izizire. Nsonga ya waya isatuluke mu gasi ikadali yotentha. Moto ukazima musachotse dzanja msanga. Argon apitirize kuphimba msokowo mpaka uzizire.

Samalaninso ndi fumbi lopalidwalo. Limayaka msanga, ndipo madzi amangokolezera motowo. Muzimitse ndi mchenga wouma.

Mtundu wa msoko sunama

Ubwino wa titaniyamu ndi woti amadziulula yekha. Msoko wowala ngati siliva ndiye wabwino koposa. Wachikasu chotuwira ngati udzu wouma ndi wololeka. Ukafika pofiirira kapena pa buluu, ndiye kuti mpweya unalowa ndipo msokowo ndi wokayikitsa. Wotuwa kapena woyera ngati ufa ndi wakufa: udulidwe, ntchito iyambirenso. Kuupala kuti uwale n'kudzinamiza, chifukwa kuumako kunalowa kale m'kati. Mitundu yokongola imene ekizozi imatenga poyenda pamsewu ndi nkhani ina, pakuti imeneyo imangokhala pakhungu chabe.

Choncho musanapereke ekizozi yanu kwa mmisiri, mufunseni ngati ali ndi makina a TIG, waya wa titaniyamu ndi argon wokwanira kunja ndi m'kati momwe. Akasowa chimodzi mwa izi, pitani nayo kwina. Kusakasaka mmisiri woyenera kumawononga ndalama zochepa kusiyana ndi kugula ekizozi yatsopano.